Patenti pa zipangizo zochotsera minofu m'thupi: kodi chiphasochi chimatsimikizira chiyani?

Nankhoma:
Ndikupempha anzathu a zamalamulo ndi a zachipatala omwe ali pagulu pano kuti atithandize pa nkhani ya morcellator, chipangizo chimene madokotala a ku America ndi ku Ulaya ankagwiritsa ntchito kwambiri pochotsa chiberekero kapena zotupa zake kudzera pa kabowo kakang'ono ka pamimba. Chipangizochi chinali ndi mapatenti ambiri, makampani akuluakulu ankachipanga, ndipo boma la America linayamba kuchilola pamsika mu 1991. Komabe mu Epulo 2014 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, linachenjeza kuti chikhoza kumwaza khansa m'mimba mwa mayi, ndipo mu Julayi chaka chomwecho kampani ya Ethicon, yomwe ndi nthambi ya Johnson & Johnson, inachotsa zake zonse pamsika. Ofesi yopereka patenti ikamanena kuti chinthu ndi chatsopano komanso chothandiza, kodi imakhala itaona chiyani, poti vuto lalikulu chotere linatha zaka zoposa 20 boma lisanachenjeze anthu poyera? Ophunzira anga a zauinjiniya amakhulupirira kuti patenti ndi umboni woti chipangizo ndi chabwino, ndipo ndikufuna kuwayankha ndi mfundo zogwirika.

Chisale:
Mayi Nankhoma, ophunzira anuwo sali okha, chifukwa amalonda nawo amasindikiza nambala ya patenti pa bokosi n'cholinga choti wogula aganize chimodzimodzi. Wounika pempho la patenti amakhala ndi mafunso atatu. Amafuna kudziwa ngati chinthucho chinalipo kale kapena chinalembedwapo kwina, ngati katswiri wamba wa ntchitoyo akanachiganiza mosavuta, ndiponso ngati chingapangidwe n'kugwira ntchito imene mwiniwake akunena. Salowa m'chipinda cha opareshoni ndipo safunsa kuti odwala amene anachira ndi angati. Ntchito yake ndi kuwerenga mapepala ndi zojambula, n'kuziyerekeza ndi zolembedwa zakale. Akakhutira, boma limapatsa mwiniyo mphamvu yoletsa ena kupanga, kugulitsa kapena kuitanitsa chipangizocho kwa zaka 20 kuchokera tsiku limene anapereka pempho. Mphamvu imeneyi ndi yoletsa anthu ena basi. Chilolezo chogulitsa kuzipatala chimachokera ku ofesi ina, ndipo munthu akhoza kukhala ndi patenti pa chipangizo chimene sichidzaloledwa kukhudza wodwala ngakhale mmodzi.

Dokotala Nabanda:
Ndifotokoze kaye mmene chipangizochi chimagwirira ntchito kuti tonse tione pamene ngozi inabisala. Ndi chubu chachitsulo chokula mamilimita pakati pa 12 ndi 20, ndipo kunsonga kwake kuli mpeni wozungulira woyendetsedwa ndi mota. Dokotala amalowetsa chopanira m'kati mwa chubucho, amagwira chotupa, n'kuchikokera pa mpeni, ndipo chotupacho chimatuluka m'zingwe zazitali zazitali mpaka chitatha. Motero chotupa chachikulu chimene chikanafuna kung'amba mimba yonse chimatulukira pa bala laling'ono, mayi amataya magazi ochepa ndipo amabwerera kunyumba msanga. Kurt Semm wa ku Kiel ku Germany anali ndi chake choyendetsedwa ndi manja m'zaka za m'ma 1970, ndipo cha magetsi chinafotokozedwa ndi Rolf Steiner mu 1993.

Vuto ndi lakuti mpeni ukamazungulira, tizidutswa tating'ono timathothoka n'kugwera pa matumbo ndi pa khoma la m'mimba. Zotupa zambiri za m'chiberekero si khansa, koma chimodzi mwa mazana angapo chimakhala khansa yoopsa yotchedwa leiomyosarcoma, ndipo palibe sikani kapena kuyeza magazi kumene kumasiyanitsa ziwirizi motsimikizika opareshoni isanachitike. Khansa yotereyo ikadutsa pa mpeni imafesedwa m'mimba monse ngati mapira. Mu 2014 a FDA anawerengera kuti mayi mmodzi mwa 350 aliwonse ochitidwa opareshoni ya zotupazi amakhala ndi khansa yobisika ya mtundu wa sarcoma. Amene anachititsa kuti nkhaniyi imveke anali Amy Reed, dokotala wogonetsa odwala, yemwe anachitidwa opareshoni yotere ku Boston mu Okutobala 2013. Iye ndi mwamuna wake Hooman Noorchashm, yemwenso ndi dokotala wa opareshoni, analimbana ndi zipatala komanso boma mpaka chenjezo linatuluka. Mayiyu anamwalira mu Meyi 2017.

Mbewe:
Zikomo adokotala. A Chisale, mwanena kuti chilolezo chogulitsa chimachokera ku ofesi ina. Ngati ofesi ya patenti siyesa chipangizo pa odwala, ndiye kuti ofesi inayo ndi imene inayenera kuchiyesa. Nanga inalephera bwanji?

Chisale:
A Mbewe, funso lanu lafika pa gwero la nkhaniyi. Lamulo la America la 1976 lokhudza zipangizo zachipatala linatsegula njira yachidule yotchedwa 510(k). Kampani ikaonetsa kuti chipangizo chake n'chofanana kwenikweni ndi china chimene chili kale pamsika, imaloledwa kugulitsa, ndipo nthawi zambiri sipafunika kafukufuku wa pa odwala. Ofesi yofufuza ntchito za boma la America, ya GAO, inapeza mu 2017 kuti pakati pa 1991 ndi 2014 mapempho 25 a ma morcellator a magetsi anadutsira njira imeneyi, lililonse likuloza chipangizo china chakale.

Tsono taonani zimene zimachitika. Kampani imodzi yomweyo imapita ku ofesi ya patenti kukanena kuti chipangizo chake n'chatsopano ndipo palibe anachiganizapo, kenaka imapita ku FDA kukanena kuti n'chofanana ndi chakale ndipo sichifunika kuyesedwa mwapadera. Mwalamulo palibe bodza pamenepo, chifukwa ofesi yoyamba imafunsa za kapangidwe, monga mmene mpeni wakhalira kapena mmene mpweya umatsekeredwera kuti usatuluke m'mimba, pomwe yachiwiri imafunsa za ntchito ndi chiopsezo. Koma zotsatira zake n'zakuti chipangizo chimatuluka ndi zidindo ziwiri za boma, ndipo palibe chidindo chimene chinafunsa kuti tizidutswa tothothokato timakathera kuti.

Gama:
Ine ndikuona kuti tikuzungulira mfundo yaikulu. N'chifukwa chiyani munthu aloledwe kukhala mwini wa njira yochotsera chotupa m'thupi la mnzake? Dokotala amaphunzira pa matupi a odwala, m'zipatala zomangidwa ndi misonkho ya anthu, pansi pa aphunzitsi amene sanamubisire kalikonse. Akatulukira kanthu kowonjezera, n'kuyamba kulipiritsa anzake, ndiye kuti wakolola m'munda umene analima ndi anthu ambiri. Kwa ine patenti pa zamankhwala ndi umbombo wovekedwa chovala cha lamulo.

Chisale:
Bambo Gama, pa theka la mfundo yanu malamulo a mayiko ambiri amagwirizana nanu. Pangano la TRIPS la WTO, bungwe loona za malonda a padziko lonse, pa ndime 27, limalola dziko kukana patenti pa njira zopimira, zochizira ndi zochitira opareshoni. Mayiko a ku Ulaya amakana pa ndime 53(c) ya pangano lawo la mapatenti, ndipo India imakananso. Choncho kadulidwe, kasokedwe ndi kayendetsedwe ka dzanja la dokotala sizikhala za munthu mmodzi. Chimene chimaloledwa ndi patenti pa chida chenichenicho.

America inaphunzira zimenezi movutikira. Samuel Pallin, dokotala wa maso wa ku Arizona, analandira patenti mu 1992 pa kadulidwe ka diso kochotsera ng'ala kamene bala lake limadzitseka lokha popanda ulusi. Chaka chotsatira anasumira dokotala mnzake, Jack Singer wa ku Vermont, chifukwa chodula maso a odwala m'njira yofanana. Madokotala anakwiya kwambiri, pozindikira kuti aliyense wa iwo akhoza kulandira kalata ya loya chifukwa cha opareshoni imene wakhala akuchita tsiku ndi tsiku. Mlanduwo unatha mu Malichi 1996 patentiyo itagwetsedwa, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo loti dokotala kapena chipatala sangalipitsidwe chifukwa chotsatira njira ya opareshoni yokhala ndi patenti. Koma lamulo lomwelo linanena momveka kuti chitetezochi sichikhudza makina ndi zida zokhala ndi patenti.

Gama:
Ndiye kuti anatseka khomo n'kusiya zenera. Ngati opareshoni singatheke popanda chida chinachake, mwini chidacho ndiye mwini opareshoniyo, kaya lamulo likunena chiyani za dzanja la dokotala.

Nankhoma:
Bambo Gama, mfundo yanu ndi yolemera, koma ndikufuna tione chimene chimachitika pamene patenti palibe. Banja la Chamberlen, lomwe linathawa ku France kupita ku England mu 1569, linapanga zopanira zothandizira kutulutsa mwana pamene uchembere wavuta. Banjali linabisa chidacho kwa zaka zoposa 100. Zimanenedwa kuti ankachinyamula m'bokosi lalikulu, ankatulutsa anthu onse m'chipinda ndipo ankamanga mayi woberekayo nsalu kumaso kuti asaone. Zida zawo zenizeni zinapezeka mu 1813 pansi pa matabwa a nyumba ina ku Woodham Mortimer ku Essex. Amayi ndi ana amene anafa m'zaka zonsezo chifukwa azamba ena sankadziwa chidacho palibe anawawerenga. Patenti imakakamiza mwini kulemba zonse poyera, ndi zojambula zomwe, mokwanira kuti katswiri wina athe kupanga chinthucho, ndipo pempho limasindikizidwa pakatha miyezi 18. Zaka 20 zikatha aliyense ndi womasuka kuchipanga. Sindikunena kuti dongosololi ndi lopanda banga, koma ndimalisankha kusiyana ndi bokosi lokhoma.

Gama:
Mayi, chitsanzo chanu n'cha nthawi imene kunalibe magazini a madokotala. Masiku ano dokotala amatchuka polemba zimene watulukira, osati pozibisa. Tengani nkhani ya ng'ala yomweyo. Charles Kelman anayambitsa mu 1967 makina ophwanya ng'ala ndi kunjenjemera kwa nsonga yachitsulo n'kuiyamwa, ataona chida cha dokotala wa mano, ndipo makinawo anali ndi patenti. Mpaka lero ndi okwera mtengo ndipo amafuna magetsi odalirika. Chimene chatsegula maso a osauka ku Asia ndi kuno ku Africa ndi njira yochotsa ng'ala ndi manja pa bala laling'ono, imene anthu ngati Sanduk Ruit wa ku Nepal anaiphunzitsa poyera kwa aliyense wofuna, pamodzi ndi magalasi oika m'diso otsika mtengo amene fakitale ya Aurolab ya ku Madurai inayamba kupanga mu 1992. Njira yomweyi ndi imene imagwiritsidwa ntchito kwambiri m'zipatala zathu za maso.

Dokotala Nabanda:
Pa ng'ala bambo Gama akunena zoona, ndipo sinditsutsa. Ndingowonjezera kuti galasi limene Aurolab inatsitsa mtengo linali litayesedwa kale kwa zaka zambiri ndi ndalama za makampani amene ankayembekeza phindu. Wina amayenera kulipira zaka zoyambirira zija pamene chida chikulephera, chikukonzedwa, n'kulepheranso. Funso limene ndilibe nalo mtendere ndi lakuti ndalama zimene patenti imabweretsa zimapita kuti. Pa morcellator zinapita ku mota yamphamvu, mpeni wakuthwa ndi chogwirira chopepuka, chifukwa zimenezo ndi zimene zimapezetsa patenti yatsopano ndi kukopa ogula. Kutsatira amayi kwa zaka zisanu kuti tione amene khansa yawabwerera sikupezetsa patenti iliyonse, choncho panalibe amene ankathamangira ntchito imeneyo.

Mbewe:
Ine ntchito yanga ndi yokonza makina a m'chipatala, ndipo ndikufuna kunena zimene ndimaona pa benchi langa. Makina aakulu, bokosi lokhala ndi mota ndi mabatani, nthawi zina amabwera ngati mphatso. Chimene chimatha ndalama ndi mutu wake, kachidutswa kokhudza wodwala, kamene kalembedwa kuti kagwire ntchito kamodzi kokha. Mukayang'ana mapatenti a zida zambiri zodulira ndi zoyamwira minofu, mupeza kuti ambiri ali pa mutuwo ndi pa malo amene umalumikizirana ndi makina. Polumikizira pamakhala timano tapulasitiki tokhala mwanjira yakeyake, ndipo pa makina ena pali kachipangizo kamagetsi kamene kamauza makina kuti mutuwu wagwirapo kale ntchito, makinawo n'kukana kuyaka. M'chipinda chosungiramo katundu cha chipatala china chimene ndinagwirako muli makina abwinobwino ovundikiridwa nsalu, opanda chilema chilichonse, amene anasiya kugwira ntchito tsiku limene katoni yomaliza ya mitu inatha. A Chisale, kodi mawu akuti kamodzi kokha ali ndi mphamvu ya lamulo la patenti, kapena ndi malangizo a ukhondo chabe?

Chisale:
Ku America funso limenelo linafika kukhoti kawiri. Mu 1992, pa mlandu wa Mallinckrodt ndi Medipart, khoti la apilo linagamula kuti kampani ikhoza kugwiritsa ntchito patenti kuletsa ena kutsuka ndi kubwezeretsa chida chachipatala cholembedwa kuti kamodzi kokha. Mu 2017 khoti lalikulu la dzikolo, pa mlandu wa Impression Products ndi Lexmark wokhudza makatiriji a printa, linanena kuti mwini akagulitsa chinthu, mphamvu yake ya patenti pa chinthu chimenecho yatha. Kuyambira pamenepo makampani amadalira kwambiri mapangano ogulitsira, chitsimikizo cha katundu chimene chimafa mukaika mutu wa kampani ina, ndi tizipangizo tamagetsi timene mwatchulato.

Ndiwonjezere mfundo imene anthu ambiri saidziwa. Patenti imagwira ntchito m'dziko limene inaperekedwa mokha. Patenti ya ku America ilibe mphamvu ku Lilongwe kapena ku Chipata. Kuti kampani itetezedwe kuno iyenera kulembetsa m'dziko lathu, kapena kudzera ku ARIPO, bungwe la mayiko a mu Africa loona za mapatenti lomwe lili ku Harare, pansi pa pangano la 1982, n'kutchula mayiko amene ikufuna, ndipo pa dongosolo la PCT, lopemphera patenti m'mayiko ambiri ndi pempho limodzi, nthawi yochitira zimenezi imatha pakadutsa miyezi pafupifupi 30 kuchokera pa pempho loyamba. Kulembetsa ndi kulipira chaka ndi chaka kumadya ndalama, choncho makampani ambiri a zida zotere salabadira misika yaing'ono. Kawirikawiri chimene chimatilepheretsa kupanga mutu wathuwathu ndi kusowa kwa fakitale yoyenera, pulasitiki yovomerezeka kulowa m'thupi ndi njira yophera tizilombo, osati loya wa kampani ya ku America.

Nasibeko:
Monga namwino wa ku wodi ya amayi, ndikuvomereza zimene a Chisale anena pomalizira. Chida chochotsera minofu chimene ife timachigwira kwambiri si morcellator ayi, ndi sirinji ya MVA yotsukira chiberekero mayi akapita padera zina n'kutsalira m'kati. Ndi sirinji ya mamililita 60, yokhala ndi valavu ndi kachubu kofewa ka pulasitiki kochokera ku kapangidwe ka Harvey Karman ka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Sifuna magetsi, sifuna kugoneka wodwala, ndipo bungwe la WHO limailimbikitsa m'malo mwa kukolopa ndi chitsulo chakuthwa. Maganizo ake ndi akale moti palibe patenti ya nthawi imeneyo imene ikanakhalabe ndi moyo lero. Komabe ndaonapo tikubwerera ku chitsulo chifukwa kamphira kozungulira ka pa mpini wa sirinji kang'ambika, sirinjiyo sikugwiranso mpweya, ndipo kena kosinthira palibe. Umakoka mpini, umatsegula valavu, osamva kukoka kulikonse, mayi ali chigonere pa bedi akutaya magazi. Pamenepo patenti ilibe mlandu.

Gama:
Mayi Nasibeko, mwandikumbutsa kuti mdani si mmodzi. Koma ndikufunsabe a Chisale: ngati katswiri wathu, tinene wophunzira wa mayi Nankhoma, atapanga chida chabwino chotengera kachidutswa ka khomo la chiberekero kokayeza khansa, ndipo akufuna kuti aliyense achipange mwaulere, angatani kuti kampani yakunja isachitenge n'kuchilembetsa m'dzina lake?

Chisale:
Achisindikize poyera, bambo, mwatsatanetsatane, ndi zojambula ndi miyeso, pamalo pamene tsiku lake lingatsimikizike, monga m'magazini ya sayansi kapena m'nkhokwe ya zolemba za yunivesite. Chinthu chikalembedwa poyera sichikhalanso chatsopano, ndipo wina sangachilembetse movomerezeka. Koma adziwe kuti mpeni umenewu umadula mbali zonse. Akachionetsa pa chionetsero cha sayansi kapena kuika kanema pa Facebook asanapereke pempho, iye mwini wataya mwayi wa patenti ku Ulaya, kumene lamulo ndi lokhwima pa mfundoyi, ngakhale kuti America imapereka chaka chimodzi cha chisomo kwa mwini. Asankhiretu asanatsegule pakamwa. Ena amatenga patenti kenaka n'kupereka chilolezo chaulere kwa opanga a m'mayiko osauka pa pangano loti atsatire muyezo wa ubwino, ndipo njira imeneyi imapatsa mwini mphamvu yoletsa wopanga zachinyengo, mphamvu imene wosindikiza poyera alibe.

Dokotala Nabanda:
Ndibwerere ku morcellator, chifukwa nkhani yake sinathere mu 2014 ndipo madokotala sanagwirizane onse. Mu Novembala 2014 a FDA analangiza opanga kuti aike chenjezo lamphamvu pa chipangizochi, ndipo zipatala zambiri zinabwerera kung'amba mimba. Mabungwe a madokotala a amayi anadandaula kuti opareshoni yaikulu ilinso ndi imfa zake, za magazi, za mabala osapola ndi za magazi oundana m'mitsempha, ndiponso kuti chiwerengero cha mayi mmodzi mwa 350 chinakokomeza chiopsezocho. Mu 2017 a FDA anaunikanso n'kunena kuti sarcoma imapezeka mwa mayi mmodzi pa amayi 225 mpaka 580. Mu Epulo 2016 analola thumba lotchedwa PneumoLiner, la kampani ya ku Ireland, loti chotupa chiziphwanyidwira m'kati mwake, ngakhale anachenjeza kuti panalibe umboni woti limachepetsa kufala kwa khansa. Mu Disembala 2020 analangiza kuti chipangizochi chizigwiritsidwa ntchito ndi thumba nthawi zonse, ndipo chisagwiritsidwe ntchito pa zotupa za amayi opitirira zaka 50 kapena amene anasiya kusamba. Matumba oterowo nawonso ndi katundu wa makampani, wogula kamodzi pa wodwala aliyense.

Chimene chimandivutitsa kwambiri mu lipoti la GAO lija ndi chakuti a FDA analandira lipoti loyamba la khansa yofalikira chifukwa cha chipangizochi mu Disembala 2013, pomwe madokotala ena anali atalembapo za chiopsezochi m'magazini zaka zambiri m'mbuyomo. Zipatala sizinkatumiza malipoti chifukwa chipangizocho sichinkathyoka kapena kulephera. Chinkadula bwinobwino monga mmene zojambula za patenti yake zinanenera, ndipo anthu ankaganiza kuti choyenera kunenedwa ndi makina owonongeka okha.

Mbewe:
Adokotala, fomu imene ine ndimadzaza ili ndi malo a nambala ya makina, chimene chawonongeka ndi chimene ndasintha. Malo olembapo zimene zinachitikira wodwala patapita chaka palibe, ndipo buku la ku fiyeta sililemba nambala ya chida chimene chinagwiritsidwa ntchito pa wodwala aliyense. Mabuku awiriwa akanakhala ndi mzere umodzi wowalumikiza, tikanatha kufufuza chida chilichonse, kaya chili ndi patenti kaya chilibe. Mayi Nasibeko, kodi ku wodi kwanu mumalemba kuti sirinji iti yagwira ntchito kangati isanatayidwe?

Nasibeko:
Timayenera kutero, a Mbewe, ndipo pali kabuku kake, koma kamadzazidwa pamene wodi ili phee. Usiku umene amayi abwera asanu motsatizana, sirinji imachoka m'chidebe cha mankhwala kupita m'manja mwa clinical officer popanda wolemba. Mukapanga fomu yanuyo, mzere wa nambala ya chida muuike m'buku la opareshoni momwemo, pafupi ndi dzina la wodwala, chifukwa buku limenelo lokha ndi limene silidumphidwa.